Thanki ya mbuna ikayamba kudontha pa mapaipi a overflow

Anthu ambiri oweta mbuna m'thanki yagalasi, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds, akangoona kuti pansi panyowa amathamangira silikoni n'kumata paliponse pamene paoneka madzi. Mawa lake madziwo apeza njira ina. Pakutha mwezi thabwa la kabati lafufuma, soketi yachita dzimbiri, ndipo pamene pankafunika kungosintha kalabala kamodzi pali chibuluma cha silikoni choti muyambe mwapala. Langizo langa loyamba n'lakuti musagule kanthu, musamate kanthu, mpaka mutaona ndi maso anu pamene dontho loyamba likutulukira.

Tiyambe tamvana za kayendedwe ka madziwo. Mbuna kwawo ndi m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, monga ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, m'madzi oyera, a mpweya wambiri, ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 28. Ndi nsomba zandewu, choncho oweta amaika zambiri m'thanki imodzi kuti yaukali isapeze imodzi yomangoizunza. Nsomba zikachuluka zonyansa nazo zimachuluka, n'chifukwa chake ambiri amaika thanki yachiwiri m'kabati yapansi, yotchedwa sump, momwe mumakhala masiponji ndi timiyala tosefera madzi. Madzi apamwamba amasefukira m'kabokosi ka overflow, amatsika ndi paipi kukalowa mu sump, pampu n'kuwakwezanso ndi paipi ina. Pobowola galasi pamamangidwa chida cholumikiza paipi ku thanki chotchedwa bulkhead, chimene chili ndi mutu wotambalala, thupi la mathiredi, gasiketi ya labala ndi nati.

Musanalowetse dzanja m'kabati yonyowa, zimitsani pakhoma ndi kuzula mapulagi onse. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo munthu wogwada pansi ponyowa sapatsidwa mwayi wachiwiri. Hita yotenthetsa madzi isiyeni m'madzi kwa mphindi 15 izizire, chifukwa yagalasi ikatuluka ili yotentha imasweka. Mukamadzabwezera mawaya, waya aliyense azitsika kaye pansi pa soketi kenako n'kukwera, kuti madzi otsatira wayayo azigwera pansi osafika pamagetsi.

Tsopano pukutani mapaipi onse ndi kansalu mpaka aume gwa. Ng'ambani tishu m'tizidutswa, kulungani kamodzi pa mfundo iliyonse: pansi pa nati, pamene paipi yalowa mu bulkhead, pa mabendi, pa valavu. Yalani nyuzipepala pansi pa kabati. Mukatsimikiza kuti manja ndi mawaya zauma, yatsani pampu yokha, tengani tochi, khalani pansi ndipo muyang'ane kuyambira pamwamba kutsika. Madzi amanamiza. Amatha kutuluka pa nati, n'kuyenda mwakachetechete kunsi kwa paipi, n'kukagwera pa bendi yomwe ilibe vuto lililonse. Tishu wapamwamba kwambiri amene wanyowa ndiye akukuuzani zoona. Madzi a mbuna amakhala ndi laimu wochuluka, choncho pamene pakhala pakudontha nthawi yaitali pamatsala mzere woyera wokhakhala. Utsatireni mzerewo mpaka pamene wayambira.

Sikuti chinyontho chilichonse ndi kudontha ayi. M'miyezi yozizira ya June ndi July, nthunzi ya madzi ofunda a mu sump imakagunda denga la kabati n'kumagwa ngati madontho. Mu October madzi a mu sump amachepa msanga chifukwa cha kutentha, popanda bowo paliponse. Nthawi zinanso ndi madzi othovoka pamene paipi ikuthira mu sump. Zimenezi mankhwala ake ndi chivundikiro ndi kabowo kolowetsa mphepo m'kabati, osati guluu.

Tishu akaloza pa bulkhead, pamenepo ndiye tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamavutitsa anthu kwambiri. Chinthu choyamba chimene dzanja limafuna ndi kutenga sipanala n'kukoka nati. Musatero. Nati ya pulasitiki imamangidwa ndi dzanja mpaka italimba, kenako n'kuwonjezera pang'ono chabe, osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Mukapitiriza, gasiketi imafinyika n'kutulukira m'mbali, nati imang'aluka, ndipo choopsa kwambiri, galasi limayamba mng'alu kuchokera pabowo. Ngati nati inali yolekera, kuimanga ndi dzanja kumatha kuthetsa nkhani yonse. Ngati inali yolimba kale koma pakudonthabe, masulani zonse muone.

Tsitsani madzi mpaka apitirire bowolo. Ngati bowo lili m'kati mwa kabokosi ka overflow, mwachita mwayi: tsitsani madzi a m'thanki pang'ono pansi pa mano a kabokosiko, timipata ta pamwamba pake todutsa madzi, kenako popani a m'kabokosi mokha. Mukamasula, yang'anani kaye mbali imene gasiketi inaikidwa. Malo ake ndi pakati pa mutu wotambalala uja ndi galasi, osati kumbali ya nati. Ikakhala kumbali ya nati, madzi amalowa pansi pa mutu, n'kutsata mathiredi, n'kutulukira kunja osakumana ndi labala. Komanso nati pozungulira imaipotokola. Kenako pitirizani chala pagalasi mozungulira bowo. Kamchenga kamodzi kokha kotsakamira pansi pa labala n'kokwanira kutsegula njira, ndipo mbuna, poti ntchito yake ndi kukumba ndi kulavula mchenga, zimaufikitsa kulikonse. Palani laimu ndi lezala watsopano, pukutani ndi viniga, tsukani ndi madzi, umitsani. Yang'ananinso kunsi kwa mutu wa bulkhead. Nthawi zina pamatsala kamzere kotumphuka ka pulasitiki kochokera kufakitale, ndipo kamafunika kukapala mosamala.

Gasiketi youma, yong'aluka kapena yophwatalala musaibwezerepo. Gulani ina, ndipo ngati bulkhead yakalamba sinthani yonse, mtengo wake sungafanane ndi wa galasi. Iikeni youma, pagalasi louma. Musaipake Vaseline kapena girisi, chifukwa mafuta otere amawononga labala. Silikoni naye musamuike pamenepo: akadali wamadzi amaterera, ndiye pomanga nati gasiketi imathawira m'mbali. Pomanga, gwirani mutu usazungulire, muzizunguza nati yokha.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Paipi yodzaza madzi, yokhala ndi valavu, ndi yolemera. Ikamangolendewera pa bulkhead imaikokera mbali imodzi, gasiketi n'kufinyika kuno, uko n'kutseguka. Mungasinthe magasiketi atatu osapindula kanthu. Imangirireni paipiyo kuthabwa la kabati ndi makilipu kuti bulkhead isasenze katundu.

Mukapeza mng'alu pagalasi, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ntchito yasintha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 250 ikukankha galasi long'alukalo usana ndi usiku. Samutsani nsomba tsiku lomwelo, khuthulani madzi, galasilo likasinthidwe.

Pamene mukugwira ntchitoyi nsomba zisaiwalike. Madzi amene mwatsitsa asungeni m'zidebe zimene sizinaonepo sopo. Ikani kapampu ka mpweya m'thanki, chifukwa pampu yaikulu ikaima mpweya umachepa msanga m'thanki yodzaza nsomba. Masiponji ndi timiyala ta mu sump zikhale m'madzi ake omwewo, nazonso ndi mpweya, kuti tizilombo tothandiza kusefa zonyansa tisafe. Chakudya lekani kaye. Musade nkhawa ndi njala: mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya kwenikweni, ndiye masiku awiri kapena atatu si kanthu kwa nsomba yaikulu yathanzi. Madzi a pampopi owonjezera muwathire kaye mankhwala ochotsa klorini.

Tibwere pa mfundo za mapaipi. Zilipo zamathiredi ndi zomata ndi guluu. Yamathiredi ikamadontha, masulani, chotsani thread tape (tepi yoyera yokulunga pamathiredi) yakale yonse, kulungani yatsopano maulendo atatu kapena anayi motsata mbali imene mumangira, kuti pomanga isafumuke. Mukaunjika yambiri, paipi yolowayo imanenepa n'kung'amba inzake, ndipo mng'alu wake ndi woonda kwambiri moti umaoneka pokhapokha mwaunika ndi tochi. Pa union, cholumikizira mapaipi chimene chimamasulika osadula paipi, musakulunge tepi konse, chifukwa chimene chimatseka madzi pamenepo ndi kalabala kozungulira kam'kati. Kaoneni ngati kali pamalo pake komanso ngati n'koyera.

Mfundo yomata ikadontha, palibe chopaka kunja chimene chingakhalitse. Silikoni sagwira bwino pa PVC, pulasitiki ya mapaipiwa, supagulu amauma n'kuthetheka, ndipo mphira wa chubu cha njinga ungakusungeni usiku umodzi wokha podikira kuti kuche. Dulani chigawocho ndi sowo, dulani mowongoka, palani m'mphepete ndi sandipepa, pukutani. Lowetsani kaye popanda guluu ndi kulemba mzere ndi cholembera kuti mudziwe mbali imene bendi iyenera kuloza, chifukwa guluu wa PVC sadikira munthu. Iye samata ngati guluu wa mapepala. Amasungunula pulasitiki ya mbali zonse ziwiri kuti ikhale chinthu chimodzi. Pakani m'kati mwa fitingi ndi kunja kwa paipi, kankhani mpaka kumapeto mukupotoza pang'ono, gwirani masekondi 30 kuti isabwerere. Chitirani panja, kutali ndi moto ndi nsomba. Dikirani maola 24, tsukani m'kati ndi madzi, ndiye mulumikize. Mabulkhead ambiri ndi a pulasitiki ya ABS, choncho werengani pachitini ngati guluuyo amagwira ABS ndi PVC pamodzi. Poti mwadula kale, ikanipo union pafupi ndi bulkhead kuti tsiku lina mudzangomasula osadulanso.

Popita kuhadiweya nyamulani chidutswa cha paipi yakale. Mapaipi ena amayezedwa m'mainchi, ena m'mamilimita, ndipo pamaso amaoneka ofanana. Paipi ya inchi imodzi kunja kwake ndi mamilimita 33.4, pamene inzake ndi 32. Zida za thanki zochokera ku America zimakhala za mainchi, ndiye mukalowetsamo paipi ya 32 imagwedera, ndipo mpata umenewo guluu sangautseke. Zida za kopa ndi brasi zisiyeni komweko, kopa ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi.

Tsopano kuli madzi ena a pansi amene sachokera pa mfundo iliyonse, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri. Pampu ikaima, madzi onse amene ali pamwamba pa mano a overflow amatsikira mu sump. Paipi yobweza madzi nayo imasanduka mpopi wokoka, n'kumayamwa madzi a m'thanki mpaka kukamwa kwake kutatulukira pamphepo. Tiwerengere limodzi. Thanki yotalika masentimita 120, mulifupi 50, sentimita iliyonse ya madzi ndi malita 6. Ngati kukamwa kwa paipiyo kwamira masentimita 5, ndiye kuti malita 30 akubwera pansi, osawerengera a m'mapaipi. Kodi sump yanu ili ndi malo a malita amenewo? Ngati ilibe, kwezani kukamwa kwa paipiyo kufupi ndi pamwamba, ndipo boolani kabowo ka mamilimita 3 pansi pang'ono pa mzere wa madzi kuti mphepo ilowe msanga n'kudula kukokako. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere, muzikatokosa mlungu uliwonse. Valavu yoletsa madzi kubwerera musaidalire yokha, kankhono kamodzi kakatsakamira imalephera kutseka.

Yesani dala masana muli pomwepo. Zimitsani pampu, dikirani madzi akhazikike, matani tepi pagalasi la thanki pamene alekezera. Pakatha ola onaninso. Ngati akutsikabe mpaka pansi pa mano a overflow, pomwe paipi yobweza yatulukira kale pamphepo, ndiye kuti silikoni wa m'mbali mwa kabokosi watseguka, ndipo madzi akudutsa pamenepo n'kulowa patsinde pa paipi yotsitsa madzi imene yaimirira m'kabokosimo. Pampu ikamayenda simungadziwe, koma magetsi akathima usiku thanki imatha kukhuthukira pansi. Apa ndiye pamene silikoni ali ndi ntchito. Khuthulani, palani wakale yense chifukwa watsopano sagwira pa wakale, pukutani ndi spiriti, umitsani. Gulani wolembedwa kuti ndi wa mathanki a nsomba, amene amanunkha ngati viniga. Wa kubafa ndi kukhitchini amaikamo mankhwala ophera nkhungu, ndipo amapha nsomba. Mpatseni maola osachepera 48, wokhuthala mpaka mlungu, fungo lithe.

Madzi akamasefukira pamwamba pa thanki, vuto ndi paipi yotsitsa: yatsekeka ndi ndere, nkhono kapena nsomba yakufa, mwinanso pampu ndi yamphamvu kuposa paipi. Ikani kasefa pakamwa pake, chepetsani pampu, ndipo ngati galasi lili ndi bowo lachiwiri, pakhale paipi yapadera yongodikira tsiku langozi, yopanda valavu. Amene muli ndi overflow yokoleka kumbuyo, ya paipi yopindika ngati U, muziyang'ana tsiku ndi tsiku ngati pamwamba pake pasonkhana mphepo, chifukwa ikachuluka madzi amaleka kutsika pomwe pampu ikukwezabe.

Mukamaliza kukonza, bwezerani madzi pang'onopang'ono, kulungani tishu watsopano pa mfundo zonse, zimitsani ndi kuyatsa pampu kangapo mukuyang'ana ngati madzi akuyambanso kutsika okha. Pampu ili chizimire, dzazani sump mpaka patsale masentimita 5 kuti ifike pakamwa, kenako yatsani, ndipo pamene madzi akhazikike m'chipinda cha pampu lembanipo mzere. Powonjezera madzi musamapitirire mzere umenewo. Tishu uja msiyeni masiku atatu, muzimugwira m'mawa ndi madzulo.