Malangizo kwa aulumali ofuna kusaka nyama ndi uta wa crossbow ku America

Uta wa crossbow, womwe umagwiridwa ndi kuwombedwa ngati mfuti, umathandiza munthu wofooka mkono kapena phewa chifukwa ukakokedwa nsinga yake imakhala yokoleka yokha, moti mlenje amangotsala ndi ntchito yolunjikitsa muvi. Musanagule, funsani kaye ku ofesi yoona za nyama zakutchire m'dera lanu, pakuti malamulo amasiyana. M'chigawo cha Wisconsin mlenje aliyense analoledwa kusaka ndi utawu kuyambira mu 2014, pomwe madera ena amafunabe chilolezo chapadera chotsimikizidwa ndi dokotala. Ku Britain n'koletsedwa ndithu kusaka nawo.

Chovuta chenicheni ndi kukoka nsinga, popeza mauta ambiri osakira amafuna mphamvu yoposa makilogalamu 65. Chingwe chokokera chimachepetsa mphamvuyo ndi theka, koma kwa munthu wokhala pa njinga ya olumala n'chosathandiza kwenikweni, chifukwa chimafuna kuponda uta ndi phazi n'kuweramuka. Ine ndikuona kuti ndi bwino kulipira ndalama zoonjezera n'kugula uta wokhala ndi chopukusira chokokera nsinga, chomwe mungathe kuchizungulitsa muli chikhalire.

Kutsogolo kwa utawu kumalemera, choncho muziutsamiritsa pa chogwiriziza cha miyendo itatu, ndipo muyeserere kulasa mutakhala momwe mudzakhalire kutchireko. Zala zisadutse pamwamba pa njira ya nsinga, chifukwa ikafyatuka imatha kudula chala, ndiponso musawombe uta wopanda muvi, kuopa kuuthyola. Pitani ndi mnzanu woti akalondole nyama yolasidwa ndi kuinyamula.