Mnzathu akaponderezedwa ku Joni, tiyambire pati?

Ambiri a ife tikamva kuti Mmalawi mnzathu wachotsedwa ntchito osalipidwa, kapena wamenyedwa ku lokeshoni, timathamangira kulemba pa gulu la WhatsApp. Mkwiyowo ndi woyenera, koma phokoso likatha mwini nkhani amatsala yekha, tulo osalipeza. Ine ndikuphunzira za maganizo a anthu, ndipo chinandikokera ku maphunzirowa ndi chomwe ndimaona pakati pathu kuno ku South Africa. Munthu amene timati akuganiza kwambiri, ukafufuza upeza kuti bwana wamudyera malipiro, kapena akukhala mwamantha kuopa kutumizidwa ku Lindela, malo omwe boma limasungako alendo oti abwezedwe kwawo. Ignacio Martín-Baró, wansembe komanso katswiri wa za maganizo amene asilikali anamupha ku El Salvador mu 1989, ankaphunzitsa kuti sungachize mtima wa munthu uku ukulekerera chomwe chikumupondereza. Ndimagwirizana naye ndi mtima wonse.

Poyambira ndi pa khutu. Malangizo a 2011 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, a chithandizo choyamba cha maganizo akhazikika pa zinthu 3: kuona, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ndi thandizo. Onani kaye ngati ali pamalo otetezeka, ngati wadya, ngati wavulala. Musamuumirize kuti afotokoze zonse tsiku lomwelo. Zoti "limba mtima, ndiwe mwamuna" zisiyeni, zimangotseka munthu pakamwa. Funsani kuti, "Achimwene, mukufuna tichitepo chiyani?" ndipo yankho lakelo mulilemekeze ngakhale lisakukomereni. Woponderezedwa walandidwa kale mphamvu yosankha, ndiye ife tisamulandenso. N'chifukwa chake chithunzi kapena dzina lake lisapite pa Facebook iye asanavomere, makamaka ngati mapepala ake sali bwino.

Mtima ukakhazikika, kambiranani za lamulo, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timanamizana. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha kuti akadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo salipira kalikonse. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Komabe wopanda mapepala ayambe wafunsa maloya asanapite. A mabungwe othandiza alendo, monga Lawyers for Human Rights ku Johannesburg ndi ku Pretoria, kapena Scalabrini Centre ku Cape Town, nkhani zotere amazidziwa. Muthandizeni kusonkhanitsa umboni: mauthenga a bwana pa foni, mapepala a kubanki, tsiku lomwe anayamba ntchito, mayina a omwe anaona.

Za chipatala, ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Za sukulu, khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu 2019 kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa mapepala. Pakhomo la ofesi zinthu zimavutabe, choncho muperekezeni. Kukhala awiri kumasintha kalandiridwe.

Pali zina zomwe ubale pawokha sungathe. Munthu akamalota zoopsa kwa masabata, akasiya kudya, kapena akatchula zodzipha, musabise poopa manyazi. Funsani mosapita m'mbali, musamusiye yekha, ndipo imbani nambala yaulere ya SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, 0800 567 567. Ku Johannesburg bungwe la CSVR limapereka uphungu kwa okhudzidwa ndi nkhanza, alendo omwe.

Inunso wothandiza muli ndi lendi ndi ana kumudzi. Gawanani ntchito m'gulu lanu la kutchalitchi kapena la maliro: wina aziperekeza ku CCMA, wina azimasulira Chingerezi, wina azisunga kabuku ka ndalama za thiransipoti. Mugwirizanenso amene aziyankha foni usiku, ndipo muzisinthana sabata ndi sabata.