Musanadikire thandizo, yambani mwawerenga zomwe zili pakhomo panu

Alimi anzanga a kuno kum'mawa kwa Zambia, funso lomwe ife alangizi timalandira kwambiri tikafika pamudzi ndi lakuti "kodi dzina langa latuluka pa FISP chaka chino?" FISP ndi pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi fataleza ndi mbewu. Funsolo silolakwika ayi, fataleza wakwera mtengo, komanso chilala chija chomwe boma linalengeza mu February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse chinasiya nkhokwe zambiri zili mbee. Koma mndandanda wa FISP simulemba ndinu, ndipo banja lomwe pulani yake yonse yatsamira pa thumba lomwe silinafike limapezeka mvula yagwa anthu akungoyang'ana kumsewu. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndiye ntchito yoyamba ndi iyi, ndipo siyifuna ngwee olo imodzi. Tengani kope la mwana lomwe latsala masamba, abambo ndi amayi limodzi ndi ana osinkhuka, muzungulire pakhomo n'kumalemba. Nkhuku zingati, mbuzi, ndowe zomwe zangounjikana m'khola, kadimba kaja kumadambo komwe munakasiya, njinga, mitengo ya mango, nshawa zomwe zili m'nkhokwe. Mulembenso za m'manja, wina amadziwa kuumba njerwa, wina kuluka mphasa, wina kukazinga vitumbuwa, mnyamata amakonza njinga za anzake ulere. Mabanja ambiri amayamba ndi mawu akuti ife tilibe kalikonse, koma pomaliza tsamba limadzaza. Pa zonsezo musankhe chimodzi kapena ziwiri basi, osati kugwira zonse nthawi imodzi.

Posankhapo muziganizira mdani mmodzi, ganyu wa mu December ndi January. Apa ndi pomwe umphawi umamera mizu. Chakudya chatha, ndiye banja lonse limapita kukapalira munda wa wina kuti lipeze meda ya chimanga, pomwe munda wawo udzu ukukula, akamabwerera kwawo chimanga chayezuka kale, zokolola zichepa, chaka chamawa njala iyambanso msanga, ganyu yemweyo. Chilichonse chomwe mwasankha chikhale chokupatsani kandalama kapena chakudya pa miyezi imeneyi kuti khasu lanu ligwire m'munda mwanu.

Kwa ine nkhuku zachikuda ndi poyambira pabwino kuposa pena paliponse, chifukwa pafupifupi khomo lililonse zilipo ndipo msika wake sufuna kufunafuna, ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market ku Chipata simungabwerere nazo. Vuto timaziweta mwamwayi. Chitopa chikabwera nyengo yotentha chimasesa mudzi wonse, anthu n'kumangoti zafa basi, chonsecho katemera alipo wa dontho limodzi m'diso, miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Kabotolo kamodzi kamakwana nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndiye sonkhanani makomo angapo mufunse a vetenale a kwanuko, mutemere tsiku limodzi m'mawa kusanatenthe. Nkhuku yodwala kale musaitemere, katemera sachiza. Ndipo nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi achibale isalowe m'khola tsiku lomwelo, ikhale payokha masabata awiri muone kaye.

Anapiye nawo amathera akabawi ndi mvula. Thadzi laswa khumi, pakutha mwezi atsala atatu, ife n'kumati ndi mmene zimakhalira. Amangireni kakhola ka nsungwi kapena bango, muziwapatsa gaga wosakaniza ndi nshawa zoswekasweka zosinja koma zosawola, madzi oyera m'kambale kosazama muikemo timiyala kuti asamire. Chiswe ndi chakudya chawo chabwino zedi, ikani ndowe zouma ndi mapesi mumphika wakale, wazani madzi pang'ono, vundikirani pafupi ndi chulu, mawa lake mupeza chiswe chadzaza. Mukapulumutsa anapiye asanu ndi awiri m'malo mwa atatu pa thadzi lililonse, January akamafika muli ndi atambala ogulitsa.

Nshawa ndiye chuma chathu chenicheni kuno, Chalimbana timaidziwa kuyambira kale ndipo mbewu ngati MGV4 ndi MGV5 dzina lake likuchokera ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi konkuno ku Chipata. Lima imodzi (kota ya hekitala) ya nshawa siyilira fataleza ngati chimanga, ndipo chimanga chomwe mudzabzale pamenepo chaka chotsatira chimakondwa. Bzalani ndi mvula yoyamba komanso mothithikana bwino, zochedwa ndi zapatalipatali ndi zomwe nsabwe zimakonda kubweretsamo matenda opinimbiritsa aja. Koma pomwe timaluza kwambiri ndi pokolola. Kuwaza madzi pa nshawa kuti zisavute kusenda, chonde lekani, ndi mmene chuku chimalowera, ndipo ogula okhazikika ngati a COMACO amayang'anitsitsa zimenezi pomwe ana anu omwe ndi amene adye nsinjiro zake. Umitsani bwino, sungani ndi makoko ake pamalo okwera. Ndipo musathamangire kugulitsa zonse mu May kwa aja amabwera ndi sikelo yawoyawo pamudzi, nthawi imeneyo aliyense akugulitsa ndiye mtengo uli pansi. Gulitsani zochepa zothetsera vuto lomwe lilipo, zina mudikire nazo, zambewu muziike padera osazikhudza olo kubwere alendo.

Ndowe za mbuzi ndi ng'ombe, zitosi za nkhuku, phulusa, zimenezo pitani nazo m'maenje obzalamo mvula isanagwe. Bola theka la lima lodyetsedwa bwino kusiyana ndi munda waukulu wanjala.

Manje ndalama ikapezeka ikhala kuti? M'thumba la buluku siyigona, tonse tikudziwa, makamaka ya thonje ndi soya ija imathera ku tauni tsiku lomwelo lolandira, amayi kunyumba n'kungomva kuti mtengo unali woipa chaka chino. Amayi ambiri ali kale mu chilimba kapena village banking, ndipo imeneyo ndi mphamvu yomwe abambo ena amaipeputsa. Langizo langa ku magulu ndi lakuti onaninso mwezi wogawana. Magulu ambiri amagawana mu December ndalama n'kuthera Khisimasi, chitenje chatsopano, mpunga, zakumwa, January akafika mwayambanso kaloba. Bwanji osagawana mu October, mugule mbewu, katemera ndi thumba la chimanga losungira miyezi yovuta ija? Ngongole ya m'gulu mutenge pa chinthu chomwe chibweze chokha, monga ufa ndi mafuta a vitumbuwa kapena mbewu ya repu ndi tomato ya kudimba, za maliro ndi matenda zikhale ndi kathumba kake kapadera.

Sindikuti thandizo la boma mulikane. Ndalama za Social Cash Transfer, zomwe boma limapereka kwa mabanja ovutika, ngati muli m'kaundula landirani, koma kagawo kena kagule thadzi. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, ndiye ndalama yomwe inkapita ku fizi isangosowa osadziwika komwe yalowera. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera, nayo inakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo muli gawo la magulu a amayi ndi achinyamata, koma imafuna gulu lolembetsa, ndipo pempho limadzera ku komiti ya chitukuko ya mu wadi yanu. Gulu lomwe lili ndi kope loonetsa kuti takhala tikusunga, tatemera nkhuku mwakuti, tagulitsa nshawa limodzi, limakhala ndi chokamba pamaso pa komitiyo kusiyana ndi lomwe langopangidwa dzulo chifukwa lamva kuti kwabwera ndalama. Mukapita kukaonana ndi alangizi a ku kampu yanu mutenge kope lija, tiyambire pa zomwe mwalembamo.