Kagwiritsidwe nchito ka torque wrench ya 28 mpaka 210 Nm

Awa ndi malangizo a pa kapepala kamene kamabwera m'bokosi la torque wrench, sipana yomangira maboti pa muyezo, ija imalira kuti "ta" ikafika pa muyezo, ya masoketi a half inch, yoyambira pa 28 kufika pa 210 Nm. Eni shopu ina yogulitsa zida za m'galaji kuno ku Lusaka ndiwo anandipempha kuti ndiwaike m'Chinyanja, akuti ambiri akagula amataya kapepalako pamodzi ndi pulasitiki, pakapita sabata ziwiri abwera nayo kuti siigwira bwino. Zotsegula bokosi ndi kulowetsa soketi sinditayirapo nthawi, a makanika mudziwa kale zimenezo.

Liwu landivuta kwambiri ndi lomweli la torque. Ena amati ndi kulimba kwa boti koma sizikwanira, chifukwa boti yadzimbiri imalimba chikhalirecho siinamange kanthu. Ine ndasankha kuti mphamvu yopotola. Ndi mphamvu imene mwakoka nayo kuchulukitsa ndi kutalika kwa chogwirira, nchifukwa chake nati imene yakana ndi sipana yaifupi imamasuka mukangoikako paipi, dzanja ndi lomwelo koma mphamvu yopotola yakula. Muyezo wake ndi Nm, ndiye kuti newton metre. Kuseri kwa chogwirira kuli manambala ena, onani bwino zilembo zake, ndipo mabuku a motoka nawonso salemba mofanana, ena ft-lb ena kg-m. 1 ft-lb ndi 1.36 Nm, 1 kg-m ndi pafupifupi 9.8 Nm. Manati a mawilo a Toyota Corolla amafuna 103 Nm, imene ndi 76 ft-lb, manje munthu akawerenga 76 m'buku nkukatchera 76 ku mbali ya Nm wilo yatsala yosamangika ndipo iye aganiza kuti watsata buku.

Kutchera muyezo. Masulani loko imene ili kunsi kwa chogwirira. Zungulitsani chogwirira mpaka m'mphepete mwake mufike pa mzere wa nambala imene ili pansi pang'ono pa muyezo womwe mufuna, ziro wa pa chogwirira ayang'anane ndi mzere wapakati. Pitirizani kuzungulitsa kuti muwonjezere manambala otsala. Mangani loko. Pa sipana iyi manambala aakulu amadumpha 14, ndiye pali 28, 42, 56 mpaka 210, choncho kuti mupeze 103 mufika pa 98 kenaka muwonjezera 5 pa chogwirira. Mukapitirira, bwererani pansi muyambenso kukwera. Ngati sipana yakhala nthawi osagwira nchito, itchereni pa muyezo waung'ono muilize kasanu kapena kakhumi kuti girisi wa mkati ayende.

Pokoka gwirani pakati pa chogwirira penipeni ndi dzanja limodzi, lina ligwire pamutu kuti soketi isapendeke, ndipo kokani pang'onopang'ono osati modzidzimutsa. Ikalira kuti "ta" lekani pomwepo. Apa kapepala kangonena mzere umodzi chabe koma ndipamene ndimaona anthu ambiri alakwa, amailiza kawiri katatu kuti atsimikize, ulendo uliwonse boti imayendako pang'ono ndipo pomaliza muyezo wapitirira. Pa miyezo yaing'ono kulira kwake kumakhala kwapansipansi, m'galaji mukakhala phokoso la grinder simungamve, muzimva ndi dzanja kakugwedezeka kaja. Komanso sipana yaikulu ngati iyi siikhulupirika kunsi kwenikweni kwa sikelo, pansi pa 42 kapena pamenepo, ndiye ma plug, tumaboti twa sampu ndi twa pa top cover tifunika torque wrench yaing'ono, ndi iyi mudzangodula tumaboti kapena kudya ma thread a aluminiyamu.

Zoletsedwa. Musagwiritse nchito chida ichi pomasula maboti kapena manati. Musaike paipi pa chogwirira. Musachimenye ndi hamala ndipo musachigwetse. Musachiviike mu petulo, parafini kapena madzi, chipukuteni ndi kansalu kouma. Pa zomasulazi ndiwonjezere kuti gulani power bar, sipana yaitali yomasulira, ndi yotchipa, izikhala pambali nthawi zonse, chifukwa mwana wa nchito akaona sipana yaitali yonyezimira ndiyo ayamba kutola pomasula nati ya pule.

Manje za silinda hedi, mutu wa injini, izi pa kapepala palibe koma ambiri mugula sipanayi chifukwa cha hedi yomweyo. Amalume anga anali ndi basi ya Hiace yoyenda njira ya ku Chipata, anaipereka pa galaji ina kuti aipange ovahola, ndalama zinapita zambiri pa ma ring, ma bearing, gasiketi yatsopano ndi kusikima hedi. Ulendo wachiwiri chabe, pokwera mapiri aja a ku Luangwa, temperecha inakwera, madzi anayamba kuwira mu radiyeta ndipo oilo pa dipisitiki anali ngati tiyi wamkaka. Anthu anagona pamsewu. Makanika wina atatsegula anapeza maboti ena amangidwa mopitirira ena amasuka osakoka nkomwe, onse anamangidwa ndi sipana ya paipi mongomva ndi dzanja. Zinandiwawa chifukwa basi ija ndiyo inali kulipira sukulu ya ana.

Choncho musanaike hedi, yeretsani mabowo a maboti mu buloko, muuziremo mphepo ya kompuresa kapena mulowetse kansalu pa waya mpaka kutuluke kouma. Mukasiyamo oilo kapena madzi boti imakapanikiza madziwo pansi, sipana ilira ngati yamanga koma hedi siinakhale, nthawi zina buloko imang'ambika kumene. Onani ngati buku lati ma thread apakidwe oilo pang'ono kapena akhale ouma, chifukwa pa nambala imodzimodzi boti ya oilo imafinya kwambiri kuposa youma. Kumanga yambani pakati mupite kunja mopingasa monga mwa chithunzi cha m'buku la injini imeneyo, ndipo osafika pa muyezo ulendo umodzi, gawani kawiri kapena katatu.

Mainjini ambiri a masiku ano amalemba nambala ya Nm kenaka 90°, mwina ndi 90° inanso. Amenewo ndi maboti otamuka, amapangidwa kuti akokeke pang'ono ngati sipuling'i ndipo kutamuka kumeneko ndiko kumagwira gasiketi. Mukafika pa Nm, torque wrench yatha nchito yake, iikeni pansi mutenge power bar ndi angle gauge, kachida koyezera madigiri amene boti yazungulira. Ngati mulibe angle gauge, donthezani kapenti pamutu pa boti iliyonse kuyang'ana kutsogolo kwa injini, mukazungulitsa 90° timadontho tonse tiyang'ane kumbali imodzi, mukazungulitsanso tiyang'ane kumbuyo, mungoponya maso mwaona kale ngati pali boti imene mwaidumpha. Maboti otere akale musangowabweza, mabuku ena amalola mutayeza ndi vernier, kachida koyezera kunenepa ndi kutalika, kuti sanaonde kapena kutalika kupyola malire, ena amati atsopano basi. Ine ndimati gulani atsopano, mtengo wake sufika pa mtengo wotsegulanso injini.

Liwu lina ndi calibration, ndaika kuti kuyezetsa sipana ngati ikali kunena zoona. Kapepala kakuti ikakhala yatsopano imaphonya osapitirira 4 peresenti kumwamba kapena kunsi, ndipo iziyezedwa pakatha miyezi 12 kapena ikalira ka 5,000, chimene chayamba kufika, monga mwa ISO 6789, malamulo a padziko lonse a zida zotere. Ikagwa pa simenti iyezedwenso. Pakati pa nthawiyo mungaione nokha ndi thumba la ufa la 25 kg. Panani kamutu kake ka makona anayi mu vaisi sipana igone chopingasa, yezani kuchokera pakati pa kamutuko kufika pakati pa chogwirira, tinene kuti mwapeza 40 cm. 25 kuchulukitsa ndi 9.8 ndi 245, kuchulukitsanso ndi 0.40 ndi 98. Tcherani pa 98, kolekani thumba ndi chingwe pamalo paja mulitsitse pang'onopang'ono, iyenera kulira thumba litangotsala pang'ono kulendewera lonse. Ikalira msanga, kulemera kwa thumba kukali m'manja mwanu, kapena osalira konse ngakhale mutatsitsa muyezo kufika pa 90, musaikhulupirire pa hedi ya kasitomala.

Mukatha nchito bwezani chogwirira pa 28 kuti sipuling'i ya mkati ipume, koma osapitirira pansi pa 28 chifukwa tuzitsulo twa mkati tumachoka m'malo. Isungeni m'bokosi lake pamalo ouma, osati m'thumba limodzi ndi masipana ndi mahamala. Lisiti sungani, waranti siigwira ngati chogwirira chili ndi zipsera za paipi kapena ngati mwaitsegula mkati nokha.