Sungani Mbiri ya Masewera Musanadzaze Common App

Ophunzira amene mukufuna malo m'makoleji a ku America, yambani kulemba m'kope zonse za masewera anu a kusekondale kuyambira chaka choyamba. Fomu ya Common App, yofunsira malo m'makoleji ambiri a ku America, imalola kulemba zochita 10 zokha za kunja kwa kalasi, ndipo pa chilichonse imafunsa maola pa sabata, masabata pa chaka ndi udindo wanu, koma malo ofotokozera ndi zilembo 150 basi. Choncho musalembe kuti mumakonda mpira. Nenani kuti munali kaputeni, kapena kuti munkaphunzitsa achichepere Loweruka lililonse m'mawa, chifukwa owerenga mafomuwa amafuna kuona kulimbikira kwa zaka zingapo. Zimandimvetsa chisoni mwana wakhama akamalemba maola mongoganizira poti waiwala. Wofuna kusewerera timu ya Division I kapena II (magulu awiri apamwamba a masewera a m'makoleji a ku America) alembetsenso msanga ku NCAA Eligibility Center, ofesi ya bungwe loyang'anira masewerawa imene imaona ngati wophunzira ali woyenera kusewera.