Wayilesi ya HF ya pagulu: zoyenera kuyang'ana musanapanikize batani lolankhulira la PTT

Kuno ku Ngabu tilipo anthu asanu amene tinasonkherana ndalama n'kugula wayilesi imodzi yolankhulirana ya HF, ndiye yofika kutali, Icom IC-718 yogwirapo kale ntchito. Maganizo anabwera namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022, madzi ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, misewu itaduka, mafoni atangoti zii. Freddy atabweranso mu Malichi 2023 panalibenso wotsutsa. Wayilesiyo imakhala nyumba imodzi, kiyi ndiye amayendayenda.

Chinthu cha pagulu mukuchidziwa. Aliyense amasiya mabatani m'mene wakondera, wobwera pambuyo ndiye amavutika. Choncho zimene ndalemba pano si zoyikira wayilesi yatsopano ayi, koma zimene muyenera kuchita mukakhala pa mpando umene mnzanu wangochokapo.

Za chiphaso ndingodutsapo mwachangu. Kumvetsera aliyense angathe, koma kuti mulankhule pamafunika laisensi yochokera ku MACRA, ndipo call sign, dzina lodziwikira siteshoni yanu pa wayilesi, ku Malawi imayamba ndi 7Q. Wayilesi imeneyi si yochitira bizinesi. Mitengo ya thonje kapena ya mbuzi kafunseni pa foni, ndipo nyimbo musaike.

1. Magetsi

Kulumikiza batire sindifotokoza, waya wofiira mukudziwa kumene amapita. Ingodziwani kuti mukasemphanitsa kamodzi kokha, msonkhemsonkhe uyambiranso. Wayilesi imafuna ma volt 13.8. Pomvetsera imadya pang'ono, osafika ma amp awiri, koma mukalankhula pa ma watt 100 imakoka pafupifupi ma amp 20. Ndiye yezani batire ndi mita musanayambe. Likatsika kufika cha m'ma 11, mawu anu amatuluka ophwanyika ngati mukulankhulira m'chidebe, kapena wayilesi imazima pakati pa chiganizo.

Chenjerani ndi mabatire a m'misika amene amangotsukidwa n'kupakidwa penti. Ife tinagulapo limodzi, lowala bwino, wogulitsa akulumbira kuti langotsika kumene. Linatha sabata zitatu. Batire lenileni la sola ndi lodula, inde, ndipo mtengo wake umasintha musanamalize n'kusonkherana komwe, koma mugula kamodzi. Fyuzi ikapsa ikani fyuzi ina. Zomangapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya zisiyeni, fyuzi ndi yotsika mtengo kuposa botolo la chakumwa.

Ngati m'nyumbamo muli inverter yotchipa kapena matchaja a mafoni aja a pamsika, zimitsani. Phokoso lambiri limene anthu amanamizira mlengalenga limachokera pa soketi ya m'chipinda momwemo.

2. Eriyo yalumikizidwa kodi?

Pitani kuseri kwa wayilesi, gwirani pulagi ya eriyo ndi dzanja, osangoyang'ana. Ife lamulo lathu ndi lakuti womaliza amazula coax, waya wochokera ku eriyo, chifukwa cha mphenzi, makamaka kuyambira Novembala mvula ikayandikira. Ndiye wobwera m'mawa akaiwala kubwezera n'kupanikiza PTT, mphamvu yonse imabwerera m'wayilesi. Mawayilesi a masiku ano amadziteteza podzichepetsera mphamvu, koma musamaziyese dala. Mangitsani pulagi ya PL-259 mpaka ilimbe, ndi zala zokha, osati ndi pulayala.

Eriyo yathu ndi dipole ya bandi (gawo la ma frequency) ya mamita 40, waya wa mamita pafupifupi 10 mbali iliyonse, womangidwa pakati pa mtengo wa nimu ndi wa mango. Sitinaikweze kwambiri, ndipo tinachita dala. Kuno tili m'chigwa, mapiri a ku Thyolo atitchinga, ndiye tiwayilesi ta m'manja ta VHF ngati ti Baofeng sitifika patali. Dipole yotsika imaponya mawu m'mwamba n'kubwerera pansi pafupi, ndiye Blantyre, Zomba, Tete ndi Nsanje zimapezeka masana pa 40 ngakhale pali mapiri pakati.

3. Yatsani, kenako bwezerani zonse pakati

Tsitsani AF, ndiye voliyumu, musanayatse. Pali mnzathu wina amene amamvera patali ndipo amaisiya ili pamwamba.

Ikayaka musathamangire kagudumu kakakulu kosinthira frequency. Yambani mwawerenga sikirini yonse, kachilembo kalikonse. Chozungulitsa cha RF/SQL chikhale choloza m'mwamba ngati 12 koloko. Mukachipotokolera kumanzere wayilesi imagontha, kumanja squelch imatseka mawu onse, mumangoona ngati yafa. RIT, yosuntha pang'ono pomvera, ikhale pakati, pa Yaesu amaitcha Clarifier. SHIFT nayonso pakati. ATT ikayaka imachepetsa mawu obwera, izimitseni. P.AMP, yokweza mawu obwera, pa 40 sindiifuna, imangokweza phokoso, ndimaiyatsa pa mabandi a pamwamba basi. Kagudumu kakamazungulira koma manambala osasuntha, musatukwane, wina anasiya LOCK.

4. Bandi ndi mode

Bandi ya mamita 40 kuno imayambira pa 7.000 kulekeza pa 7.200 MHz. Ya mamita 20 ndi 14.000 mpaka 14.350. Mode ndi njira yotumizira mawu: pansi pa 10 MHz timagwiritsa LSB, pamwamba pake USB, zonsezi ndi mitundu ya SSB. Mukamva anthu akulankhula ngati abakha ndipo mukazungulitsa bwanji sakumveka, mode ndiyo yalakwika. Kumunsi kwa bandi ndi kwa a Morse, musakalankhulireko. Pa 7.074 mukamva kulira ngati timbalame tambirimbiri, ndi makompyuta a FT8, dutsani. Pa 7.110 ndi pa 14.300 ndi pamene anthu amakumana pakagwa ngozi, ndiye macheza wamba kachezereni pena.

Pa SSB zungulitsani pang'onopang'ono mpaka mawu a munthu amveke ngati a munthu.

5. SPLIT

Apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinachita manyazi.

Wayilesi ili ndi ma VFO awiri, A ndi B, ngati matumba awiri osungira frequency. Nthawi zonse mumamvera ndi kulankhulira pa imodzi. Koma batani la SPLIT, pena amangolemba SPL, likayatsidwa, mumamvera pa A pamene mawu anu akutulukira pa B. Anthu osaka masiteshoni osowa a kutali amazikonda zimenezi, chifukwa siteshoni ija imalankhula pamodzi n'kumamvetsera ma kHz asanu pamwamba kuti khamu loyitana lisaikwirire.

Linali Loweruka mu Okutobala, kutentha kwa kuno kuja kopitirira madigiri 40, malata akulira okha. Ndinamva siteshoni ya ku Zambia, ya 9J, ikuyitana CQ, ndiye kuyitana aliyense amene akumva, bwinobwino, mawu ngati munthuyo wakhala pakhonde. Ndinayankha. Zii. Iye n'kuyitananso. Ndinayankha kachiwiri, kachitatu, ndikukweza mawu ngati kukuwa kungathandize. Iye anayankha munthu wa ku South Africa, anayankha wina wa ku Zimbabwe, ine osandimva. Ndinakweza mphamvu mpaka 100. Palibe.

Mumtima ndinagamula kuti ndi coax, chifukwa ndinkaikayikira kale. Tinaigula kwa munthu wina amene ankati ndi RG-58 yeniyeni, koma ukaisenda mkati mwake tiwaya ta kunja tinali tochepa ngati ndevu za mnyamata wa Fomu 2. Ndinatsitsa dipole dzuwa lili paliwombo, nyerere zofiira za mu mango zikundiluma m'khosi. Ndinadula pulagi yabwinobwino, n'kuyamba kuwotcherera ina ndi mtovu. Aironi yowotcherera inali ya magetsi, magetsi kunalibe, ndiye ndinaitenthetsa pa mbaula. Pulagi yoyamba ndinaisungunula pulasitiki ya mkati. Yachiwiri inagwira. Maola awiri atapita ndinakwezanso eriyo, ndinapeza siteshoni ina, ndinayitana. Chimodzimodzi.

Madzulo anafika mkulu wathu, mphunzitsi wopuma amene anatiphunzitsa tonsefe. Anaimika njinga, anaona zidutswa za coax pansi, sanafunse kanthu.

"Tapanikiza PTT, mphwanga, koma maso akhale pa sikirini."

Ndinapanikiza. Manambala anadumpha. Nditasiya anabwerera pamene anali.

"Mwaona, bambo? Ndiye kuti yawonongeka mkati."

Iwo anatambasula chala chimodzi n'kudina SPL. Kachilembo kakang'ono kamene kanali pa sikirini tsiku lonse kanazimirira. "Yitananso." Munthu woyamba amene ndinamuyitana anandiyankha nthawi yomweyo.

Mnzathu amene anagwiritsa ntchito usiku wa Lachisanu ankasaka siteshoni ya kutali, anagona osazimitsa SPLIT. Tsiku lonse ndinkakuwira pa frequency ina, ndipo mwina ndinkasokoneza anthu ena amene sindinkawamva n'komwe. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mita ya SWR, yoonetsa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, inkaonetsa bwinobwino kuyambira pachiyambi. Eriyo ikanakhala yoduka, mitayo ikanakwera. Ndinaiona, koma mutu unali utagamula kale mlandu wa wogulitsa coax uja.

Ndiye chitani izi nthawi iliyonse. Fufuzani ngati pa sikirini pali SPL kapena SPLIT, muzimitse. Dinani A=B kuti matumba onse awiri akhale ndi frequency imodzi, kotero ngakhale wina aliyatse mwangozi, simusochera. Ndipo ulendo woyamba kupanikiza PTT, yang'anani manambala. Akasuntha, siyani msanga.

RIT imachitanso zofanana ndi zimenezi koma pang'ono. Imasuntha pomvera pokha, polankhulira osasuntha. Mnzanu akaisiya itapotoka, mumatchera kagudumu kuti mumve bwino, koma winayo amakumvani muli pambali, iye n'kusuntha, inu n'kumutsatira, mpaka nonse mwayenda bandi ngati anthu othamangitsana. Onaninso batani la V/M, losinthira pakati pa VFO ndi memory. Mukakhala pa memory osati pa VFO, mutha kufufuta ma channel amene anzanu anasunga, ndipo mkangano wake sutha msanga. VOX, yoyambitsa kuulutsa ikangomva mawu, nayonso izime, apo ayi tambala akalira panja wayilesi iyamba kuulutsa yokha.

6. Mphamvu, SWR ndi ALC

Yambani ndi mphamvu yochepa, ma watt 10 kapena 20. Pezani malo opanda munthu, mvetserani kaye, funsani ngati pali amene akugwiritsa ntchito, tchulani call sign yanu, kenako kwezani mphamvu ipitirire ma watt 30, chifukwa mita ya IC-718 imafuna choncho, n'kuyeza SWR. Pa SSB wayilesi imatulutsa mphamvu pokhapokha mukulankhula, ndiye poyeza ambiri timasinthira ku mode ya RTTY kapena AM kwa masekondi awiri atatu. Musaiwale kubwerera ku LSB. Pansi pa 1.5 ndi bwino kwambiri, 2 n'ngopiririka, ikafika 3 siyani mukaone eriyo. Kuno kawirikawiri chimakhala chinyontho cholowa m'coax mvula ikagwa, kapena nthambi yagwera pa waya. IC-718 ilibe tuner ya mkati, chipangizo chogwirizanitsa eriyo ndi wayilesi, ndiye ngati muli ndi ya panja muichune pa mphamvu yochepa yomweyo. Dipole ya 40 musaikakamize pa 20 popanda tuner.

Kenako sinthani mita ipite pa ALC, yoonetsa ngati mawu anu akulowa mopitirira. Lankhulani m'mene mumalankhulira ndi munthu amene mwakhala naye pa mkeka, maikolofoni italikire pang'ono ndi pakamwa, ndipo tsitsani mic gain, mphamvu ya maikolofoni, mpaka mita isamapitirire malire a ALC. Aliyense ali ndi liwu lake, ndiye apa mudzasintha nthawi zonse. Ife tinamata kapepala pa tebulo, aliyense ndi nambala yake. COMP, yowonjezera mphamvu ya mawu, ine sindiyatsa.

Ma watt 100 si ofunika tsiku lililonse. Pa 30 kapena 50 mumamveka ndithu, batire limakhalitsa, ndipo m'miyezi yotentha wayilesi siwotcha. Musaiphimbe ndi nsalu ikamagwira ntchito, fani yake ipume. Mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo ta kuseri, muzichotsa.

7. Kuyitana

Mvetserani kwa mphindi imodzi. Kenako CQ katatu, call sign yanu m'zilembo zotchula ndi mawu (7Q timati Seven Quebec), n'kusiya PTT. Dikirani ndithu, ena amachedwa. Akayankha mupatseni lipoti loona: nambala yoyamba ndi ya kumveka kwa mawu, 1 mpaka 5, yachiwiri ndi mphamvu, 1 mpaka 9. Zomangoti 59 kwa munthu amene mwamufunsa dzina katatu n'zabodza. QTH ndi kumene muli, QRZ ndi kufunsa amene akuyitana, QSY ndi kusamuka. Zinazo mudzazitola pomvera. A C9 ndi anansi athu a ku Mozambique, ndipo Chisena chinandithandizapo Chingerezi chitakanika mbali zonse ziwiri.

8. Pomaliza

Lembani m'kope: tsiku, nthawi, frequency, call sign, lipoti. Nthawi ikhale ya UTC, ya padziko lonse, chotsani maola awiri pa wotchi yanu. Tsitsani mphamvu, zimitsani SPLIT, RIT pakati, AF pansi. Zimitsani wayilesi kenako chotsani batire. Zulani coax muiike kutali ndi tebulo. Mitambo ikayamba kuda cha ku mapiri musadikire kumaliza macheza, tsanzikani. Nyengo ya madzi wayilesi isagone pansi, ife timaiika m'ndowa yotsekera pamwamba pa kabati. Kiyi kasiyeni kwa amene ali ndi tsiku lotsatira.