Mmene ndinasanjira zithunzi za pa NAS ndi AI

Ndimajambula maukwati kuno ku Salima, ku Senga Bay makamaka. Zithunzi zinaunjikana pa NAS yanga yapakhomo (kachipangizo kosungira mafayilo kolumikizidwa pa netiweki), mayina ake IMG_ okhaokha, moti kasitomala akafuna zake ndinkachezera kusakasaka. Kusanja pamanja kunandilaka. Kutsata madeti sikunathandize, chifukwa ena anasokonekera pokopera.

Ndinaika Immich, pulogalamu yaulere yosanja zithunzi yomwe ili ndi AI, kudzera mu Docker (pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena). Chachikulu ndi ichi: foda ya zithunzi ndinailumikiza ngati External Library (foda yakunja kwa Immich), pa "read-only", kuti AI izingoona, isafufute kapena kusuntha kalikonse. Zithunzi za ukwati wa munthu sungazijambulenso.

Kenaka AI inazindikira nkhope, ine n'kumangolemba mayina. Bandulo inadyeka potsitsa mamodelo (mafayilo omwe AI imagwiritsa ntchito) pokha. Zotsalazo zimachitikira m'nyumba momwemo. Ndinagulanso UPS (batire yothandiza magetsi akathima), popeza magetsi akathima ntchitoyo inkaima panjira.